Tsiku Limene Makisoni Ananyamula Puluto

Chaka chimene Nyanja ya Chilwa inauma, cha 1968, mabwato a kwa Mwambo anawavundikira pamtunda, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira pansi pake. Pamene kale panali madzi panangotsala matope ouma, otuwa, ong'alukang'aluka, kuchokera padoko mpaka ku Chisi. Anthu a pachilumbapo, amene moyo wawo wonse ankawoloka pabwato, anayamba kubwera kumtunda wapansi, ena panjinga.

Makisoni anali msodzi wa matemba, bambo wa zaka zopitirira makumi atatu. Mkazi wake anamwalira asanamusiyire mwana, ndipo iye anabwerera kwawo n'kumanga kanyumba pafupi ndi mlongo wake Fanny. Sanali wolankhulalankhula, komanso sankafulumira pa chilichonse. Pakudya ankamaliza anzake atasamba kale m'manja, kutchalitchi ankalowa nyimbo yoyamba ikutha. Panyanja khalidwe limeneli linkamuthandiza, koma madzi atapita ankangokhala pansi pa mango n'kumasoka maukonde osokasoka kale.

Madzulo ena mu Okutobala kunabwera a Dunstan panjinga. Anali mphunzitsi wa pasukulu ya m'deralo, mnyamata wa ku Thyolo wongochoka kumene ku koleji. Fanny atawayalira mphasa, anafotokoza vuto lawo. Anaphunzitsa ana kuti dzuwa siliyenda, koma dziko lathuli ndi limene limalizungulira, pamodzi ndi maiko ena asanu ndi atatu otchedwa mapulaneti. Ana anakanena kunyumba, ndipo makolo ena anatumiza mawu kwa ahedi ofunsa ngati mphunzitsi watsopanoyo amalawa kachasu asanalowe m'kalasi.

"Ndiye ndaganiza zoti aone okha ndi maso," anatero a Dunstan. "Pabolodi sizikwana. Maikowa ndi otalikirana, amafuna bwalo lalikulu, ndipo bwalo lake ndi ilo." Analoza kunyanja. "Loweruka lino ndi tsiku la makolo. Maiko apafupi anyamula ana, koma akutaliwo ndikufuna akuluakulu odziwa nyanjayi, oti sangakatitimire m'matope."

"Ine sukulu ndinalekezera Sabu B, aphunzitsi," anayankha Makisoni.

"Palibe chowerenga. Ntchito yake n'kuyenda pang'onopang'ono basi."

Fanny anaseka mpaka kutsamira mzati wa khonde. "Ngati ndi zimenezo, aphunzitsi, mwafika pakhomo penipeni."

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pamatope oumawo, chapatali pang'ono ndi doko. Amayi anabwera ndi mitsuko ya thobwa. A Dunstan poyamba anapempha atcheyamani a chipani kuti aime pakati ngati dzuwa, koma iwo anakana mwaulemu. Masiku amenewo munthu sunkafuna kuti kumveke ku Zomba zoti mudzi wonse unali kuzungulira iwe. Choncho dzuwa linakhala lichero la Fanny, lomangirira pansungwi yaitali pamodzi ndi nsalu yofiira.

"Dzuwa likakhala lalikulu ngati licheroli," anatero a Dunstan, "dziko lathu lonse, ndi Phiri la Zomba lomwe, ndi kanjere aka ka nandolo." Anakakweza m'mwamba, anthu n'kung'ung'udza. "Dzuwa limakoka maiko onse. N'chifukwa chake sathawa."

A Jameson, mkulu wa mpingo, anatsokomola. "Ngati likukoka, bwanji sitigweramo?"

A Dunstan anatulutsa mwala womangirira ku chingwe n'kuyamba kuuzunguza pamwamba pa mutu wawo. "Dzanja langa likukoka mwalawu, koma sukundigwera pamutu, chifukwa nawonso ukuthamanga chammbali. Kukoka ndi kuthamangako zikakumana, zimabala kuzungulira." Anafupikitsa chingwe, mwala n'kuyamba kulira chifukwa cha liwiro. "Mwaona? Wapafupi amathamanga. Wakutali amayenda mwaulesi, njira yakenso ndi yaitali. Ife timazungulira kamodzi pachaka. Womalizira, Puluto, amatha zaka zopitirira mazana awiri."

Kenaka anayamba kugawa. Mwana wina anatenga Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha ija, anthu n'kudabwa kumva kuti nayonso ndi dziko. Wina anatenga nandolo uja, ndipo kamtsikana kena anakauza kuti kazimuzungulira ngati mwezi. Jupita anali lalanje. Vuto linabuka pa ndimu, pamene a Dunstan anatchula dzina la dziko limene ankaimira m'Chingerezi.

"Mwati Satana?" anafunsa a Jameson.

"Satani, bambo. Ndi dzina chabe."

Palibe amene anatambasula dzanja. Pamapeto pake Gerishomo, msodzi mnzake wa Makisoni amene kutchalitchi ankangopita pamaliro, anatenga ndimuyo n'kunena kuti apongozi ake akhala akumutchula dzina lomwelo kuyambira kale. Asodzi ena awiri anatenga maiko otsatira. Makisoni anapatsidwa bokosi la machesi, m'kati mwake muli kanjere kamodzi ka mawere, ndi nsungwi ya nsalu yoyera kuti azioneka.

A Dunstan anawaperekeza akukankha njinga. Anasiya Gerishomo, anasiya awiri aja mmodzimmodzi, koma iwo ndi Makisoni anangopitirirabe. Pamene anaima, anthu kumbuyo ankaoneka ngati nyerere pa chipande, ndipo mitengo ya ku Chisi inali itayamba kuoneka umodziumodzi.

"Muziyenda chozungulira, lichero likhale kudzanja lanu lamanzere nthawi zonse," anatero a Dunstan akupukuta thukuta. "Musayandikire, musatalikire, musafulumire. Belu simungalimve kuno. Tikamaliza ndiyatsa bango louma, mukaona utsi mubwere."

Anakwera njinga n'kubwerera.

Makisoni anayamba kuyenda. Malowo anawazindikira poyang'ana mmene phiri la Chisi linakhalira ndi la Zomba: ankatchera maukonde cha pomwepo, madzi akufika m'khosi. Tsopano pansi panali mitu ya milamba youma ndi zigoba za nkhono. Anaponda pang'onopang'ono, akumayang'ana kumanzere. Patali ankaona kafumbi kozungulira nsalu yofiira, n'kudziwa kuti ndi ana aja akuthamanga. Anaganiza za dziko limene linali m'thumba mwakemo. Aphunzitsi anati kumeneko n'kozizira, dzuwa limangooneka ngati nyenyezi yowala. Anayesa kuwerengera kuti munthu wobadwira kumeneko angafe chaka chisanathe, osaona n'komwe dzinja lachiwiri, ndipo anamumvera chisoni.

Dzuwa lenilenilo litakwera, anaona munthu akuchokera ku Chisi, dengu lili pamutu. Anali mayi wamtali, wovala chilundu chobiriwira. Njira yake inkadutsa patsogolo pa Makisoni, koma atayandikira anaima n'kumamuyang'ana kwa kanthawi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, mayi?"

"Ndadzuka. Pepani, ndakhala ndikukuonani kuchokera uko. Ku Chisi simukupita, kumtunda simukupita. Mwataya china chake?"

"Ayi. Ndikuzungulira dzuwa."

Mayiyo anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana Makisoni, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. "Kwanu alipo amene akudziwa kuti muli kuno?"

Makisoni anaona kuti wayamba molakwika. Anazika nsungwi mumng'alu n'kufotokoza za aphunzitsi, za lichero, ndi za ana othamanga aja. Mawu ankatuluka mochedwa monga mwa nthawi zonse, koma mayiyo sanamudule. Anatula dengu lake la chimanga n'kukhala pamphepete pake. Anati dzina lake ndi Malita, ndipo ankapita kuchigayo.

"Ndiye dziko lanulo lili kuti?" anafunsa.

Makisoni anatsegula bokosi la machesi mosamala. Nthawi yomweyo kamphepo kanadutsa, kanjere kaja n'kudumpha, kugwera mumng'alu wakuya. Onse awiri anagwada n'kusuzumira. Munali mdima wokhawokha.

"Mwataya dziko lonse, bambo," anatero Malita, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Ndikawauza chiyani aphunzitsi?"

Malita anatapa njere ya chimanga m'dengu n'kumupatsa. Makisoni anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Yakula. Imeneyi ikuposa dziko lathu."

Malita anailuma n'kusankha kachibenthu kakang'ono. "Nanga aka?"

"Kameneko kakhoza."

Anakatsekera m'bokosi. Malita sananyamuke. Anati za dziko kuzungulira anazimvapo kwa mwana wake wamkulu, koma sanazikhulupirire, chifukwa chinthu chokokedwa chimafika kwa wochikoka, monga khoka limafikira pagombe. Makisoni anapisa m'thumba, mmene simunkasowa chingwe cha ukonde, namangirira mutu wa mlamba wouma n'kuyamba kuuzunguza monga anachitira a Dunstan. Anafupikitsa chingwe, mutu uja n'kuthamanga. Anachitalikitsa, n'kumayenda mwaulemu.

"Khoka silithamangira kumbali," anatero. "Ili likuthamanga, n'chifukwa chake silifika."

"Chingwe cha dzuwalo ndani anachiona?"

"Aphunzitsi akuti sichioneka. Akuti ndi chomwecho chimene chimagwetsa mango pansi."

Malita anaganiza pang'ono. "Nanga chitaduka?"

Makisoni anataya chingwe. Mutu wa mlamba unauluka molunjika n'kukagwa patali, fumbi n'kuti phwi.

"Eya," anatero Malita. "Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Bambo a ana anga chinawadukira ku Halale. Chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri, ngakhale kalata. Ankhoswe anandimasula chaka chatha." Ananena mosadandaula, akukonza nkhata yake. "Nanga inu akunyumba anakulolani bwanji kudzapsa ndi dzuwa chonchi?"

"Anatisiya kale. Ndimakhala ndi achemwali anga."

"Pepani."

Anamuthandiza kusenza dengu. Malita anati ayendere limodzi mpaka kumtunda, poti nthawi inali itatha ndithu, koma Makisoni anakana. Utsi unali usanaoneke, ndipo iye analonjeza.

Anapitiriza ulendo wake. Dzuwa linafika paliwombo, matope n'kuyamba kuotcha kumapazi. Patali mpweya unkanyezimira ngati madzi abwerera, moti nsalu yofiira ija sinkaonekanso bwino. Anayang'ana kumene kunali asodzi anzake aja, osaona nsungwi ngakhale imodzi, koma anaganiza kuti mwina ndi maso ake. Ludzu linamugwira. Anavula malaya n'kufunda kumutu, akuyendabe, phazi limodzi, kenaka linzake. Chodabwitsa n'chakuti sankaganiziranso za Puluto. Ankaganizira mmene mayi uja analumira chimanga ndi mano akutsogolo, ndiponso kuti sanamuuze kuti afulumire kulankhula.

Dzuwa litapendeka anamuonanso akubwera, dengu pamutu, chipanda m'manja. Ulendo uno sanatsate njira ya ku Chisi, analunjika pa iye.

"Mukadali pano?"

"Utsi sunafuke."

"Bambo, dzuwa lanu analitsitsa kalekale. Ndapeza achemwali anu akupeta nalo mpunga."

Malita anamupatsa chipanda cha thobwa, nati n'chochokera kwa Fanny, ndipo iye akumwa anamufotokozera zonse. Atafika kuchigayo anapeza nkhani ili pakamwa pa aliyense. Kamtsikana ka mwezi kanachita chizungulire n'kugwera mumtsuko. Mwana wa Jupita anasenda lalanje n'kudya. Kenaka a Jameson anatsegula Baibulo pa nkhani ya Yoswa amene anaimitsa dzuwa, nafunsa kuti akanaimitsa bwanji chinthu chosayenda. Mtsutso unakula, anthu n'kusamukira pamthunzi kusukulu, aphunzitsi ali pakati, thukuta lili kamukamu. Gerishomo ndi anzake ataona kuti thobwa likupita kumtunda analitsatira. Za utsi palibe anakumbukira.

"Nditafunsa kuti nanga bambo a nsalu yoyera aja abwera, achemwali anu anagwira pakamwa. Aphunzitsi anathamangira njinga, koma apeza tayala laphwa. Akubwera wapansi. Ndawasiya akufunafuna machesi."

Atatembenuka anaona kautsi koonda kakukwera kumtunda. Makisoni anayamba kuseka. Sanali munthu woseka mokweza, koma tsiku limenelo anaseka mpaka kukhala pansi, Malita naye n'kumapukuta misozi ndi nsonga ya chilundu.

"Mtsutsowo watha bwanji?" anafunsa atapuma.

"Sunathe. A Jameson akuti akaganiza. Koma amayi ambiri kuchigayo akuti za mwala zija n'zomveka." Anayang'ana kumene anamupeza m'mawa, pamene panali zipsera za dengu lake. Sipanali patali. "Tsiku lonseli mwayenda pokhapa?"

"Aphunzitsi anati ndisafulumire."

"Ndiye kuti mumalize kuzungulira mudzafika liti?"

"Mwiniwakeyo akuti amatha zaka mazana awiri."

"Ufa wangawu sungadikire zimenezo," anatero Malita. "Ana sanadye."

Makisoni anayang'ana kumtunda, kumene kadontho koyera ka malaya a a Dunstan kanali kutali kwambiri, kenaka anayang'ana dengu. Anazika nsungwi yake, naika bokosi la machesi patsinde pake n'kulipsinja ndi chibuma kuti aphunzitsi alipeze. Atatero ananyamula dengu la ufa n'kuliika paphewa.

"Anthu akakuonani ndi dengu la mkazi adzati chiyani?" anafunsa Malita.

"Kuno kulibe anthu."

Anayenda limodzi mpaka ku Chisi. Makisoni, amene anakocheza pachilumbapo kambirimbiri, aka kanali koyamba kufikapo wapansi. Anatula dengu pansi pa mlambe wa kumayambiriro kwa mudzi, osafuna kufika pakhomo asanadziwike. Malita anamuuza kuti kuchigayo amapita Loweruka lililonse, ndipo njira yake ndi yomweyo.

Atabwerera kwawo madzulo anapeza a Dunstan atakhala pakhonde pa Fanny, nsungwi ili pambali, nkhope ili yamanyazi. Anapepesa kawiri katatu. Anatsegulanso bokosi lija n'kufunsa kuti mawere asanduka bwanji chimanga. Makisoni anangoti ndi nkhani yaitali. Fanny anamuyang'anitsitsa mchimwene wakeyo, naona ufa paphewa la malaya ake, koma anadikira kuti mlendo achoke.

"Achimwene, mayi wa chilundu chobiriwira uja ndi wa kwa yani?"

"Sindinafunse."

"Loweruka mukafunse."

Anakafunsa. Loweruka linalo anafunsanso zina, ndipo mwezi usanathe ana awiri a Malita anali atamuzolowera, wamng'onoyo n'kumamuumiriza kuti azunguze mutu wa mlamba. Amalume ake a Makisoni anapita ku Chisi wapansi kukaonana ndi akuchikazi, nabwerako akudandaula miyendo koma nkhani itayenda bwino.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Mitsinje ya Likangala ndi Phalombe inadzaza, ming'alu inatsekeka, ndipo pofika mwezi wa Malichi madzi anali atabwerera, ngakhale nsomba zinachedwa. Anthu anavundukula mabwato, kuthamangitsa nkhuku, n'kumata ming'alu ndi phula. Ukwati unachitikira ku Chisi mpunga utayamba kucha, ndipo Makisoni anakakhala komweko monga mkamwini.

A Dunstan anaitanidwa. Kwawo ku Thyolo kunalibe nyanja, ndipo anali asanakwerepo bwato. Anavula nsapato n'kuzikoloweka m'khosi, nakhala pansi penipeni atagwira mbali zonse ziwiri. Wopalasa anali Gerishomo, pambali pawo pali a Jameson atakumbatira Baibulo m'kapepala ka pulasitiki kuti lisanyowe. Bwato litangochoka padoko, a Jameson anasendera pafupi n'kunena kuti nkhani ya Yoswa ija aiganizira, ndipo ali ndi mafunso ena atatu.

"Bambo," anatero a Dunstan maso ali chotsinzina, "tikafike kaye kumtunda."